Khobidi la Bambo M'mimba mwa Ndege

Toulouse, 23 Januwale 2005

Wokondedwa Deolinda,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo ndi mwana wathu Graça. Ine ndili bwino, kupatula chimfine chimene chagwira fakitale yonse. Phukusi lako linafika Lachinayi. Bakayawo uja tadya kale theka ndi Mourad, mnzanga wa ku Algeria amene timagona chipinda chimodzi. Iye akuti nsomba youma gwa chonchi ikanatha kukhala phiko la ndege.

Popeza maso a bambo sakuonanso zolemba, tizichita chonchi: zimene zili pamwamba pa mzere uziwawerengera, za pansi pa mzere ndi zako wekha.

Bambo, ndege ija anaionetsa kwa anthu Lachiwiri. Kunabwera akuluakulu a mayiko, ndipo ife oimanga tinaonera pa kanema m'kantini. Ili ndi nyumba ziwiri, yapansi ndi yapamwamba, ndipo akuti idzanyamula anthu oposa mazana asanu. Yoyambayi ilibe mipando. Tikuikamo migolo ya madzi m'malo mwa anthu, ndipo ine ndimamanga zoponda zapansi pomwe migoloyo ikhale. Wophika buledi wa pakona pathu akuti siidzanyamuka. Mayi Pujol, eni nyumba yathu, akuti ikadzanyamuka magalasi awo adzasweka. Khobidi lanu ndalipeza m'sokosi.

———

Deolinda, uthengawo unalemba ndiwe, ndiye ukudziwa zimene bambo akufuna. Ndi khobidi lasiliva lomaliza mwa aja ankaika pansi pa mlongoti wa boti lililonse limene anakhoma ku Caxinas. Maboti makumi atatu ndi limodzi, ndipo palibe limene linatsala ndi munthu m'nyanja. Akufuna ndiliike m'mimba mwa ndegeyi isanauluke, chifukwa mudzakhala anthu.

Kuno si kwa amisiri a maboti, mkazi wanga. Sipanala iliyonse ili ndi pogona pake m'bokosi, ndipo ikasowa imodzi palibe woweruka. Matumba timalowa nawo opanda kanthu, ngakhale mphete ya ukwati imatsala m'kabati. Wosiya chinthu m'ndege amamulanda chitupa tsiku lomwelo.

Koma ukudziwanso kuti chichokereni ku ntchito yawo zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, bambo sanandipemphepo kanthu. Ndikabwera ku tchuthi amangondifunsa za mvula ya ku France. Sindikudziwa chochita.

Mwamuna wako,
Abílio


Toulouse, 13 Febuluwale 2005

Wokondedwa Deolinda,

Moni kwa nonse. Chimfine chija chinatha. Ndalama ndatumiza dzulo kudzera ku banki. Graça umugulire nsapato zolimba, osati zija amafuna iye. Uitane munthu aone denga la kukhitchini mvula ya Malichi isanafike. Kabichi kuno wafika mayuro awiri, komanso ndi wopanda kukoma.

Bambo, zatheka. Lili pakati penipeni, pomwe pakanakhala mlongoti ndegeyi ikanakhala nawo.

———

Ndinalowa nalo m'nsapato, tsiku lonse ndikuyenda ngati wobayidwa ndi minga. Masana anzanga atatuluka kukadya ndinatsalira, ati ndikumaliza choponda changa. Ndinalimata kuseri kwa chitsulo ndi tepi yolimba ija, katatu, kenako ndinatseka ndi kumanga mabawuti. Ndisaname, ndinachita chizindikiro cha mtanda monga ankachitira bambo. Pamenepo Mourad anatulukira pakhomo.

"Iwe Mpwitikizi, wayamba kupemphera kwa mabawuti?"

"Ndikuwapempherera asamasuke ngati pakamwa pako," ndinatero, iye n'kuseka.

Woyang'anira anabwera ndi tochi, anaona mabawuti onse, nasaina pepala. Lachisanu anaikapo migolo pamwamba. Ndinakondwa, Deolinda, sindikubisira. Ndinamva ngati ndegeyi tsopano ndi yathu pang'ono, ya ine ndi bambo. Undilembere zimene anene ukawawerengera, mawu ake enieni, usakometse.

Abílio


Toulouse, 6 Malichi 2005

Wokondedwa Deolinda,

Kalata yako ndalandira. Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndiponso kuti denga lakonzedwa. Ine thupi lili bwino, chakudya chokha ndiye sichikulowa.

Bambo, akuti iuluka mwezi wamawa, tsiku silinadziwike. Mtauni muno nkhani ndi yomweyo, m'basi, kometetsa, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Ena akubetcherana vinyo. Ena akusainitsa anthu pepala lodandaula za phokoso, pomwe phokosolo sanalimve n'komwe.

———

Wandiuza kuti bambo ayambiranso kumeta ndevu, ndipo masana aliwonse amapita ku bala kwa a Quim kukauza asodzi za khobidi. Ndinawerenga kawiri. Munthu amene anakhala miyezi osatuluka pakhomo. Mwina n'chifukwa chake zimene ndikulembe pano zikundivuta.

Lolemba kapitawo wathu, Mayi Cazenave, anatisonkhanitsa. Ndi mayi wamfupi wosadziwa kuseka, koma sanamizira munthu. Anabwera ndi botolo lodzaza zinthu zimene zinapezekapo m'ndege zina: mabatani, kachivindikiro ka cholembera, timawashala. Analigwedeza kuti tonse timve.

"Kumwambako kumazizira kuposa m'furiji ya wogulitsa nyama," anatero. "Chomata chimauma n'kumatuka. Ndege imanjenjemera, kanthu kamayamba kuyenda. Kachitsulo kakakhudza mawaya, palibe pokokera pambali kuti muone chavuta n'chiyani. Tsiku loyamba mudzakwera anthu asanu ndi mmodzi. Muziwakumbukira mukamatseka choponda."

Pansi pa choponda changa pamadutsa mtolo wa mawaya waukulu ngati mkono wanga.

Ndinamuuza Mourad tikubwerera pa basi. Sanaseke. Anati, "Mchimwene, mutu wonsewu unangoutengera chipewa? Pita ukalichotse mwakachetechete." Koma sizingatheke. Chopondacho anasaina, pamwamba pali migolo, ndipo kutsegula kumafuna pepala lonena chifukwa. Njira ndi imodzi yokha, kukanena ndi pakamwa panga. Ndikanena, ntchito yatha. Ndikakhala chete, mwina palibe chidzachitike, tepi ija ndi yolimba. Mawu akuti mwina amenewa ndi amene akundikaniza chakudya.

Usawauze bambo chilichonse.

Abílio


Toulouse, 3 Epulo 2005

Wokondedwa Deolinda,

Pepa pokhala chete mwezi wathunthu. Sindikudwala. Mwezi uno nditumiza zochepa, ulendo wa Graça wa kusukulu uja uyambe wadikira.

Bambo, ndili bwino, ntchito yachuluka. Mundipatsire moni a Quim.

———

Ndinanena, Deolinda. Papita milungu iwiri tsopano. Ndinapita ku ofesi ya Mayi Cazenave m'mawa, ndisanavale ovolosi. Chifalansa changa chinathawa, ndinangoti, "Mayi, ndinasiya khobidi m'ndege."

"Linagwa m'thumba?"

"Ayi. Ndinaliika dala. Ndi la bambo anga. Kwathu boti silipita m'madzi lopanda khobidi."

Anavula magalasi n'kutikita maso. "Abílio, iyi si boti."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ukanakhala chete sindikanadziwa."

"Ndikudziwa."

"Ndiye ukudziwanso zimene ndichite."

Anthu awiri anagwira ntchito theka la tsiku, kusuntha migolo ndi kutsegula, ine nditaima pambali ndi mlonda. Atalitulutsa, tepi ija inali itayamba kale kumatuka mbali imodzi. Ndinaona ndi maso anga. Masana kampani yaing'ono imene inandilemba inandilanda chitupa. Sindikuwadandaula, lamulo ndinkalidziwa. Ndikutuluka pa geti Mayi Cazenave anandithamangira. Ndimayesa khobidi lilowa m'botolo lawo lija, koma anandiika m'manja. "Ukawabwezere bambo ako," anatero, n'kubwerera osatsanzika.

Pano ndikunyamula simenti pomwe akumanga nyumba zosanja, pafupi ndi bwalo la ndege. Msana ukudandaula, waiwala ntchito zotere. Ndikakwera pamwamba ndimaona mchira wa ndege ija utatulukira kuseri kwa nyumba. Mourad akuti ndisamayang'aneko, koma khosi limatembenuka lokha.

Abílio


Toulouse, 27 Epulo 2005

Wokondedwa Deolinda,

Ndili bwino, dzuwa lokha landiwotcha pakhosi. Ndikhulupirira nanunso mwaonera ndege ija pa kanema.

Bambo, yauluka lero cha m'ma hafu pasiti teni, ndipo yabwerera bwino patatha pafupifupi maola anayi. Ndinaiona ndi maso. Anthu analipo zikwizikwi. Magalimoto anaimika m'minda ya eni, ena anagona komweko kuyambira dzulo. Anabwera ndi makwerero, mipando, mawailesi, ndipo ogulitsa soseji anatha katundu ndege isanasunthe.

Pafupi ndi ine panali nkhalamba ina ya chipewa chakuda, mlimi. Inkauza aliyense kuti, "Ine ndakwezapo ng'ombe m'lole, ndimadziwa kulemera. Icho chikathera m'munda wa mnzanga Bernard." Mkazi wake anati, "Khala chete iwe, unanenanso zomwezo za foni ya m'manja." Mayi Pujol anabwera atatseka makutu ndi thonje, ndiye ankalankhula mokuwa osadziwa. Bambo wina ananyamula chikwangwani chodana ndi phokoso, anthu akumbuyo n'kumamupempha achitsitse chifukwa chimawatchinga.

Ndege ija inayamba kuthamanga. Inkaoneka ngati ikuyenda pang'onopang'ono, moti nanenso ndinati msewu uthera isananyamuke. Kenako mphuno inadzuka, mawilo onse aja n'kusiya nthaka. Chodabwitsa n'chakuti sinabangule monga tinkayembekezera. Mayi Pujol anachotsa thonje n'kufunsa ngati injini zazima. Anthu anaomba m'manja, ena akulira, osadziwana akukumbatirana. Mlimi uja anavula chipewa n'kunena kuti, "Chabwino, koma kutera ndiye nkhani."

———

Izi ndi zako. Kapitawo wa pomanga nyumba paja anayesa kutiletsa kupita kukaonera, koma ataona kuti watsala yekha ndi wilibala, anatitsatira. Anzanga akale anali mkati mwa mpanda atavala malaya ofanana, akugwedeza timbendera. Ine ndinali kunja kwa waya, simenti ili m'tsitsi. Mayi wina anandifunsa ngati ndikudziwako wina amene anaimanga. Ndinati ayi. Zinandiwawa kwambiri.

Ambiri anabalalika kukadya, ine ndinakhala pomwepo maola onse anayi, dzanja lili m'thumba, nditafumbata khobidi. Useke ngati ukufuna. Mwezi wathawu ndinkaopa kuti igwa chifukwa muli khobidi. Lero ndinkaopa kuti igwa chifukwa mulibe. Ndinkangoganiza za maboti a bambo aja, onse obwerera, ndi kuti ine ndachotsa chimene iwo anaika. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu, wodziwa bwino za mawaya, koma khobidi ndili nalobe m'dzanja.

Itatulukira patali, mawilo ali pansi, sindinathe kuomba m'manja. Inatera mofewa, kautsi pang'ono basi. Mlimi uja anandimenya paphewa n'kunena kuti, "Ndimadziwa ine, Afalansa tikafuna chinthu timapanga." Ndinamuuza kuti zoponda zake anamanga Mpwitikizi. Anati, "Zoponda si ndege," n'kundipatsa vinyo wa m'botolo lake. Ndinamwa. Anthu asanu ndi mmodzi aja anatsika masitepe ndi miyendo yawo, ndipo ine ndinakhala pansi pa udzu.

Abílio


Toulouse, 8 Meyi 2005

Wokondedwa Deolinda,

Zikomo chifukwa cha kalata yaitali. Ndili bwino, msana wayamba kuzolowera. Graça umuuze kuti chithunzi cha ndege chimene anapempha ndachidula m'nyuzipepala, chili m'envulopu momwemu. Ino yonse ndi yako, usawawerengere.

Ndawerenga zonse. Kuti a Quim anatulutsa kanema pakhomo chifukwa anthu sanakwane m'bala. Kuti maboti ena sanapite kunyanja tsiku limenelo. Kuti bambo anakhala kutsogolo atavala jekete la ukwati wathu, iwe ukuwauza zimene zikuoneka, iwo akufunsa kuti, "Yanyamuka? Mphuno ili bwanji, yawongoka?" Kuti itatera asodzi anawanyamula ndi mpando womwe, ndipo tsopano ku Caxinas konse akuitchula dzina la bambo, ati ndege ya a Zeferino. Ukuti sunawaonepo akuseka chonchi chimwalirireni amayi.

Ukuti tingokhala chete, palibe amene akupwetekeka. Ndaganiza masiku anayi. Mwina ukunena zoona, iwe ndi amene umakhala nawo. Koma ine sindingathe, Deolinda. Bambo sanagulitsepo boti lobisa thabwa lowola, ukudziwa mmene ankakanirana ndi anthu pa nkhani zotere. Lero akuyenda m'tauni monse atanyamula bodza langa osadziwa. Komanso mwana wa a Quim amayendetsa malole odutsa kuno, ndipo Apwitikizi a kuno onse akudziwa chimene chinandichotsa ntchito. Adzamva ndithu. Kuli bwino amve kwa ife, m'nyumba, kusiyana n'kumva ku bala anthu akuseka.

Tenga makalata anga onse kuyambira Januwale, uwawerengere za pansi pa mzere. Usadumphe kanthu. Uchite atatha kudya masana, Graça ali kusukulu. Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsa katundu wanga, ndikhululukire. Ngati sadzafunanso kumva dzina langa, undiuze monga mmene zilili.

Abílio


Toulouse, 22 Meyi 2005

Wokondedwa Deolinda,

Moni. Ndili bwino. Kalata yako inafika Lachisanu, koma ndinaitsegula Loweruka, ndinalibe mtima. Mourad ndi amene anandilanda n'kuing'amba pamwamba, ati ndikapanda kuwerenga awerenga yekha ndi Chipwitikizi chake cha mawu asanu.

Zikomo pochita zimene ndinakupempha, ndi posakometsa. Ukuti anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa mawondo. Ukuti pamalo amodzi okha anakuimitsa n'kunena kuti, "Tepi? Analimata ndi tepi? Ndani anamuphunzitsa zimenezo?" Apo ndinaseka ndekha, misozi ili m'maso, chifukwa mawu awo ndinawamva ngati ali m'chipinda muno. Kenako ukuti masiku awiri supu ankangobweza.

Za Lamlungu ndawerenga mobwerezabwereza. Kuti anavala jekete lija, anakana kuti uwaperekeze, n'kupita okha ndi ndodo kwa a Quim nthawi imene bala imadzaza. Kuti anaima pakati n'kunena kuti, "Khobidi langa silinauluke. Mwana wanga analichotsa, ndipo anamuchotsera ntchito. Amene anandinyamula tsiku lija adziwe kuti ananyamula munthu wolakwika." Ukuti ena anaseka, wina n'kufunsa kuti nanga ndegeyo inabwerera bwanji. Ndikudziwa mmene zinawawawira. Bambo ndi munthu wosafuna kusekedwa.

Ndipo ukuti pobwera anakuuza kuti, "Umulembere asalitumize pa positi. Abwere nalo yekha."

Ndagula tikiti ya basi. Ndinyamuka Lachisanu, ndifika ku Porto Loweruka m'mawa, kotsalako ndidzakwera sitima. Usavutike kudzandichingamira. Za ntchito tidzakambirana ndikafika, kapitawo wa kuno akuti malo andisungira milungu iwiri yokha. Ndime yotsalayi uwawerengere pang'onopang'ono.

Bambo, ndine Abílio. Ndamva uthenga wanu, ndikubwera nalo m'manja. Ndinalakwa kawiri, poliika ndi pokusiyani mukhulupirire kuti lauluka. Polichotsa pokha sindikupepesa. Ndikuopa kuonana nanu, komabe ndikufuna. Ngati muli ndi mawu pa nkhani ya tepi ija, musamutume Deolinda. Mudzandikalipire nokha, ndili pafupi.

Mwana wanu,
Abílio